Mankhwala Opha Ululu Akasanduka Mbuye wa Munthu

Wolemba Mtolankhani Wathu

Munthu woyenda pa mseu waukulu wochokera ku Zomba kunka ku Liwonde sangalephere kuima pa Songani. Ndi pamenepo pamene anthu otsika m'mapiri a Zomba ndi Malosa amakumana ndi anzao okwera kuchokera ku madambo a nyanja ya Chilwa, ena atasenza mitolo ya nkhuni, ena atamanga matumba a mpunga pa njinga, ndi ena atanyamula madengu a matemba ndi milamba. Onsewa amadya za thukuta lao, ndipo nchito zao nzothyola msana. Chifukwa chake sichodabwitsa kuti m'magolosale, pakati pa sopo, mchere ndi machesi, simusowa kabokosi ka Panado kapena Brufen, ndipo munthu amagula mapiritsi awiri monga momwe angagulire ndudu imodzi ya fodya.

Koma mapiritsi a m'golosale amenewa sindiwo mutu wa nkhani yathu lero. Alipo mankhwala a mtundu wina, amphamvu koposa, amene munthu sayenera kulandira popanda kulemberedwa ndi dokotala, ndiwo morphine, pethidine, codeine ndi tramadol. Awa ndiwo amatonthoza munthu wothyoka fupa, mai wochitidwa opaleshoni pobereka, ndi wodwala khansa. Komanso ndi omwewa amene akhoza kumgwira munthu ukapolo, nayamba kuwafuna ngakhale bala lake litapola kalekale. Za mankhwala amenewa anthu sagwirizana. Mphunzitsi, namwino, mkulu wa mpingo kapena wa mzikiti, ndi mai amene anadwazikapo matenda aakulu m'nyumba mwake, yense amaiona nkhaniyi poima pake. Tsono nkoyenera kuti tiyale maganizo amenewa poyera, ndi kuwayesa pa sikelo ya zimene ziri zodziwika.

MPHAMVU YAKE IRI PATI?

Kholo la mankhwala onsewa ndi utomoni wa duwa lina lolimidwa kwambiri m'maiko a ku Asia, limene Azungu amati poppy. Cha m'ma 1805 mnyamata wina wa ku Germany wosakaniza mankhwala, dzina lake Friedrich Sertürner, anapatula m'utomonimo mbali yake yamphamvu, naipatsa dzina lochokera kwa Morpheus, mulungu wa maloto wa Agiriki akale. Codeine achokera m'utomoni womwewo, ndipo akalowa m'thupi chiwindi chimasandutsa gawo lake kukhala morphine. Pethidine ndi tramadol ngopangidwa m'mafakitale. Tramadol anayamba kugulitsidwa ku Germany mu 1977.

Thupi la munthu liri ndi mankhwala akeake oziziritsa ululu, ndipo mu ubongo, mu mtsempha waukulu wa m'msana ndi m'matumbo muli timalo pamene mankhwala achibadwa amenewa amakhala pogwira nchito yao. Morphine ndi abale ake amakhala pa timalo tomweto, koma ndi mphamvu yoposa. Nchifukwa chake ululu umazirala, mtima umakhala m'malo, m'mimba mumamanga, ndipo mlingo ukapyola mpweya umayamba kuchepa kufikira munthu aleka kupuma.

Panado, Brufen ndi Indocid sagwira nchito mwa njira imeneyi, ndipo sadzetsa chibaba chotere. Choopsa chao nchina. Munthu wamkulu akapyola mapiritsi 8 a Panado a 500 mg pa tsiku akhoza kuononga chiwindi, ndipo Brufen kapena Indocid womwedwa masiku ambiri amabala zilonda za m'mimba ndi kupweteka impso.

ZINTHU ZITATU ZIMENE ANTHU AMASOKONEZA

Mikangano yambiri pa nkhaniyi imabadwa chifukwa anthu amathira m'dengu limodzi zinthu zitatu zosiyana. Choyamba ndicho kuzolowera kwa thupi: piritsi limodzi limene linkakwanira mwezi watha silikwaniranso mwezi uno. Chachiwiri ndicho kudalira kwa thupi: munthu aliyense, ngakhale woongoka mtima chotani, akamwa mankhwalawa tsiku ndi tsiku kwa milungu ingapo, thupi lake limasintha kachitidwe kake, kotero kuti akasiya mwadzidzidzi amadwala. Chachitatu ndicho chibaba chenicheni, pamene munthu sakumwanso chifukwa cha bala, koma chifukwa mtima wake sukhazikika popanda mankhwalawo; awafunafuna mobisa, anama kwa dokotala, agulitsa katundu wa m'nyumba, ndipo ngakhale aona kuti banja ndi nchito ziri kupasuka, sangathe kuleka. Ziwiri zoyambazo dokotala amaziyembekezera ndipo amadziwa kuzisamala. Chachitatucho ndi matenda, ndipo chimagwira ena mwa omwa mankhwalawa, osati onse ai.

Tiyerekeze mnyamata wa kabaza ya njinga yamoto amene amanyamula anthu pakati pa Songani ndi midzi ya ku dambo. Wagwa, wathyoka mwendo, wagonekedwa m'chipatala, ndipo potuluka wapatsidwa tramadol wa masiku owerengeka. Mapiritsi atha, koma mwendo ukali kuwawa, ndipo mwini njinga afuna ndalama zake za tsiku. Mnzake amlozera kumene angagule ena popanda kalata. Pakapita miyezi itatu fupa lalumikizana, koma tsiku limene sanamwe amadzuka ali wosweka thupi lonse. Iye aganiza kuti ndi malungo, kapena kuti bala labwerera. Amwa piritsi, ndipo posakhalitsa apeza bwino. Apa ndipo pali msampha, pakuti chimene akuchiza tsopano si mwendo ai, koma njala ya mankhwala omwewo.

Masautso a posiya ngodziwika bwino kwa madokotala. Kwa mankhwala osakhalitsa m'thupi amayamba pakapita maola 8 kufikira 24 chimwere komaliza, nakula pa tsiku lachiwiri ndi lachitatu, nazirala pakati pa masiku 4 ndi 10. Munthu amayasamula kosalekeza, misozi ndi mamina zimangochucha, thukuta ndi tsemwe zimasinthana, mafupa ndi minofu zimaphwanya, m'mimba mumapotokola, amasanza ndi kutsegula m'mimba, ndipo tulo tosabwera. Wosiya tramadol akhoza kuonjezera apo mantha aakulu ndi kusokonezeka maganizo. Kusowa tulo ndi kusakondwa kumatha kukhalabe milungu ingapo zinazo zitapita.

ENA AKUTI ATSEKEREDWE KUTALI

Gulu loyamba ndi la iwo amene amaona mankhwalawa monga chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Iwowa afuna kuti Boma liwachepetse kwambiri, ndi kuti dokotala asawalembe koma kwa munthu amene ali pafupi kutsirizika. Mantha ao sali opanda maziko, pakuti mbiri iri ku mbali yao. Mu 1898 kampani ya Bayer ya ku Germany inayamba kugulitsa heroin monga mankhwala a chifuwa. Mu 1996 kampani ya Purdue Pharma ya ku America inatulutsa OxyContin, niuza madokotala kuti mankhwalawo sadzetsa chibaba kwenikweni. Mu 2007 inabvomera pa bwalo la milandu kuti inanamiza anthu, nilipa madola oposa 600 miliyoni. Koma madzi anali atatayika kale. Ambiri amene anayamba ndi piritsi la dokotala anatsirizira pa heroin ndi fentanyl wa m'makwalala, ndipo m'chaka cha 2022 chokha anthu oposa 80,000 anafa ku America ndi mankhwala a mtundu umenewu.

Ndipo si za kutsidya kwa nyanja zokha. Mu May 2018 Boma la Nigeria linaletsa kupanga ndi kuitanitsa mankhwala a madzi a chifuwa okhala ndi codeine, atolankhani a BBC ataonetsa m'mene achinyamata anali kuwamwera ngati mowa. M'maiko a kumadzulo kwa Africa apolisi akhala akugwira mapiritsi a tramadol olowa mozemba a 225 mg, pamene kapisozi wa m'chipatala amakhala wa 50 mg, ndipo mlingo wa tsiku lonse suyenera kupyola 400 mg. Wopyola pamenepo akhoza kugwa ndi kuphupha monga wa khunyu. Ku Zimbabwe, mankhwala a chifuwa a BronCleer, amene anyamata amati bronco, asautsa makolo ambiri m'makomboni a Harare.

Anthu a chigawo chino ali ndi chifukwa china choganizira zimenezi. Ana ambiri a ku Zomba, Machinga ndi Mangochi ali ku Joni pa nchito, ndipo ku South Africa mankhwala ena okhala ndi codeine wochepa amagulidwa m'sitolo ya mankhwala popanda kalata ya dokotala. Mwana wokonda amake akhoza kutumiza botolo kapena paketi pamodzi ndi bulangeti ndi shuga, mtima uli woyera, osadziwa chimene watumiza.

ENA AKUTI BVUTO LATHU NDI KUSOWA

Gulu lachiwiri limayankha kuti nthenda ya America isatichititse kuiwala nthenda yathu. Ambiri a gulu limeneli ndi anamwino ndi mabanja amene anagonapo usiku wonse pambali pa munthu wobuula. Iwo amakumbutsa kuti Malawi ali m'gulu la maiko amene khansa ya khomo la chiberekero imagwira ndi kupha amai ambiri koposa pa dziko lonse, ndi kuti odwala ambiri amafika ku chipatala matenda atapita kale patali. Kwa mai wotere Panado ali ngati kuthira kapu ya madzi pa nyumba yoyaka. Akatswiri amene anasonkhanitsidwa ndi magazini ya madokotala ya The Lancet anapeza mu 2017 kuti theka losauka la anthu a pa dziko lapansi limalandira zosakwana gawo limodzi mwa magawo 100 a morphine yense wogawidwa m'maiko. Kunena kwina, kwinako anthu akufa ndi kuchuluka kwa mankhwala, pamene kuno ambiri amafa m'ululu umene ukadatha kuziziritsidwa ndi mankhwala otsika mtengo.

Bungwe la za umoyo la dziko lonse, WHO, linaika mu 1986 makwerero atatu a kachizidwe ka ululu wa khansa: poyamba mankhwala onga Panado, akalephera, apakati onga codeine, akalepheranso, morphine. Ndipo linalangiza kuti azimwedwa pakamwa ndi pa nthawi yake, osadikira kuti munthu ayambe walira. Ku Uganda Dr. Anne Merriman anayambitsa Hospice Africa Uganda mu 1993, naonetsa kuti morphine wa madzi akhoza kuperekedwa bwino lomwe ngakhale m'midzi. Mu 2004 dzikolo linalola anamwino ophunzitsidwa mwapadera kuti azimlemba. Kwathu kuno bungwe la Palliative Care Association of Malawi linakhazikitsidwa mu 2005. Mai Lucy Finch anatsegula malo a Ndi Moyo ku Salima mu 2007. Pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre pali kiliniki ya Tiyanjane. Ndipo mu 2014 Unduna wa za Umoyo unatulutsa ndondomeko ya dziko ya chisamaliro cha odwala matenda osachizika.

Komabe anchito a chisamaliro chimenechi amakumana ndi khoma lina, ndilo mantha a abale. Alipo mabanja amene akamva dzina la morphine amaganiza kuti dokotala wamtaya wodwala wao, kapena kuti afuna kumfulumizitsa imfa, kapenanso kuti gogo wao asanduka chidakwa cha mankhwala; motero botolo limakhala pa windo wodwala ali kubuula pa mphasa. Choona nchakuti morphine woperekedwa pa mlingo wake ndi munthu wophunzira safupikitsa moyo, ndipo wodwala amene ululu wake wachepa amatha kudya, kugona, kupemphera ndi kulongosola za ana ake.

KODI WOGWIDWAYO TIMCHITE CHIANI?

Pa funso ili ndipo maganizo amasiyana koposa. Akuluakulu ambiri amaona chibaba monga kufooka kwa mtima, nati munthu akhale mwamuna, ataye mapiritsi m'chimbudzi lero lomwe, napemphere. Ena, poona munthu wa maphunziro ake ali kunjenjemera ndi kubwebweta, amathamangira kwa sing'anga poganiza kuti walodzedwa chifukwa cha udindo wake. Enanso amati ndi mlandu wa apolisi basi.

Sitingapeputse pemphero kapena kulimba mtima, pakuti palibe munthu anachirapo nthendayi iye mwini asakufuna, ndipo mpingo kapena mzikiti umene ugwira munthu dzanja uchita nchito yaikulu. Koma kusiya mwadzidzidzi kuli ndi zoopsa ziwiri. Choyamba, masautso aja akafika pa tsiku lachitatu ambiri amagonja nabwerera ku mapiritsi, ali ndi manyazi oposa kale. Ngakhale masautsowo sapha kawirikawiri munthu wamphamvu, kusanza ndi kutsegula m'mimba kumatha madzi m'thupi, ndipo kwa mai wapakati kukhoza kuopsa mwana. Chachiwiri nchachikulu: munthu akakhala masiku angapo osamwa, kuzolowera kwa thupi kuja kumatha, tsono akabwerera ku mlingo wake wakale, mlingo womwewo ukhoza kumupha. America anaphunzira zimenezi mowawa, pakuti madokotala ena, pochita mantha, analanda mankhwala kwa odwala ao mwadzidzidzi, kufikira bungwe la FDA linachenjeza mu April 2019 kuti khalidwe limeneli linali kupweteka anthu.

Njira imene madokotala amabvomereza ndi ya kuchepetsa pang'onopang'ono, monga kuchotsa gawo limodzi mwa magawo 10 pa mlungu, kapena pa mwezi kwa iye amene wamwa zaka. Ndipo pa nthawi yomweyo kuchiza kusanza, kutsegula m'mimba ndi ululu umene unayambitsa zonse. Kuona maso a nkhono nkudekha. Kwa iwo amene chibaba chinazika mizu alipo mankhwala olowa m'malo, methadone ndi buprenorphine, amene amakhazika thupi kuti munthu athe kugwira nchito. Anansi athu a ku Tanzania anatsegula kiliniki ya methadone pa chipatala cha Muhimbili ku Dar es Salaam mu 2011.

Anthu a pa Songani ali ndi mwai umene ambiri alibe, pakuti chipatala cha Boma cha matenda a maganizo, Zomba Mental Hospital, chimene chinatsegulidwa mu 1953, chiri ulendo waufupi pa minibasi, ndipo kumeneko kuli anchito ozolowera kuthandiza ogwidwa ndi mowa ndi chamba. A St John of God nao amathandiza otere ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Chotsekereza si mtunda koma manyazi, popeza mphunzitsi kapena kalaliki amaopa kuti akaoneka pa chipata chimenecho dzina lake latha. Ife tikuti munthu amene apita yekha kukapempha thandizo ngwanzeru kuposa amene adikira kunyamulidwa.

MBALI YA BOMA NDI MBALI YATHU

Boma silinagone pa nkhani imeneyi. Lamulo la Dangerous Drugs Act, limene dziko lino liri nalo kuyambira masiku a Nyasaland, ndilo limachititsa kuti morphine ndi pethidine azikhala m'kabati yokiyidwa, imene anamwino amati ya DDA, ndi kuti jakisoni aliyense wotuluka m'menemo alembedwe m'buku pamodzi ndi dzina la wodwala. Mu 2019 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority m'malo mwa bungwe lakale la 1988, kuti liziyang'anira kalowedwe ndi kagulitsidwe ka mankhwala. Kabati ndi bukulo sizitchinjiriza odwala okha ai. Zimatchinjirizanso anchito eni ake, pakuti m'maiko onse nzodziwika kuti wosunga kiyi, wotopa ndi nchito ya usiku, ali pafupi ndi yesero. Wanchito wogwidwa motere ayenera kuchotsedwa pa kabati ndi kuchizidwa, mnzake asammbisire poyesa kuti ndi chifundo.

Koma lamulo silingaime pa benchi lirilonse la pa msika. Ndipo owerenga athu asaganize kuti nkhaniyi nja anyamata a kabaza okha. Munthu wa malipiro a pa mwezi, amene amatha kulowa m'chipatala cholipira lero ndi m'china mawa chifukwa cha msana kapena mutu, ali pafupi ndi msampha kuposa mlimi wa mpunga amene alibe ndalama yogulira. Tsono pali zinthu zimene aliyense wa ife angachite. Polandira mankhwala amphamvu, funsani dokotala dzina lake, masiku amene mudzamwe, ndi m'mene mudzasiyire. Safunsa anadya phula. Onetsani buku lanu la ku chipatala kulikonse kumene mupita, kuti dokotala wachiwiri adziwe zimene woyamba analemba. Musagawire mnzanu mapiritsi anu, ndipo otsala, makamaka morphine wa munthu amene wamwalira, abwezedwe ku chipatala. Musaphatikize mankhwalawa ndi kachasu, mowa wina uliwonse kapena mapiritsi ogonetsa onga Valium, pakuti zonsezi zimathandizana kuimitsa mpweya. Mukapeza munthu wosadzuka, wopuma patalipatali, kamwana ka m'diso katachepa ngati nsonga ya singano, musadikire kuti kuche. Mgonekeni chammbali ndi kuthamanga naye ku chipatala, pakuti alipo mankhwala a naloxone amene amabweza mpweya m'mphindi zowerengeka.

Inu aphunzitsi, amene mumaona ana maola ambiri kuposa makolo ao, phunzitsani kuti botolo la mankhwala a chifuwa si chakumwa. Ndipo mwana wosinza m'kalasi tsiku ndi tsiku mufunseni mofatsa musanamthamangitse. Inu akulu a maofesi, wanchito amene adza kwa inu naulula bvuto lake mpatseni njira ya ku chipatala, pakuti mukamchititsa manyazi pamaso pa anzake, ena onse adzabisa.

Poyesa maganizo onsewa tiona kuti mbali iriyonse yagwira gawo la choonadi. Oopa ali ndi chifukwa choopera, ndipo tramadol wogulitsidwa pa benchi ayenera kuthetsedwa. Odwazika ali ndi chifukwa chodandaulira, ndipo mai wa khansa wa m'mudzi wa ku Chilwa ayenera kupeza morphine wake pa chipatala cha pafupi tsiku limene amfuna. Ziwirizi sizitsutsana, zonse zifuna chinthu chimodzi, ndicho kuti mankhwala amphamvu azidzera m'manja mwa munthu wophunzira, alembedwe m'buku, ndi kuti amene anawayambitsa akhalenso pomwepo pa tsiku lowasiya. Boma laika malamulo ndi zipatala. Chotsala ndi chakuti ife eni, m'masukulu, m'maofesi ndi m'mabanja, tithandizane nalo.